Mafunso ndi mayankho: zimene kafukufuku wapeza pa kayendedwe ka makampani, kukhulupirika kwa makasitomala ndi mabizinesi ang'onoang'ono

Eni mabizinesi amapatsidwa malangizo ambiri, ndipo ambiri mwa malangizowo amayamba ndi mawu akuti "kafukufuku wapeza". Kawirikawiri wonenayo satchula amene anachita kafukufukuyo, kumene anachitira, kapena anthu amene anafunsidwa. Mayankho ali m'munsiwa akutchula zimenezo, chifukwa munthu amene akuika mpamba wake pachiswe potsatira langizo ayenera kudziwa kumene langizolo lachokera.

Kodi ochita kafukufuku amayang'ana chiyani akamati kampani ikuyenda bwino?

Amayamba ndi ndalama: phindu lotsala akachotsa zonse zimene zalowa pa ntchito, kukula kwa malonda chaka ndi chaka, ndi zimene mpamba woikidwamo ukubweretsa. Ena amayeza kuchuluka kwa katundu amene wantchito mmodzi amapanga pa ola, ena amangoona ngati kampaniyo idakalipo patatha zaka zisanu. Miyeso imeneyi siyendera limodzi nthawi zonse. Malonda akhoza kukwera pamene phindu likutsika, monga zimakhalira mwini akatsitsa mitengo kuti akope anthu. Phindu likhoza kuoneka m'buku koma ndalama m'manja mulibe, chifukwa katundu wambiri anapita pangongole.

Mu 1992, Robert Kaplan ndi David Norton analemba m'magazini ya Harvard Business Review kuti ziwerengero za ndalama zimangonena zimene zachitika kale. Anati oyendetsa kampani aziona mbali zinayi pamodzi: ndalama, makasitomala, kayendedwe ka ntchito m'kati mwa kampani, ndi kuphunzira kwa antchito. Njirayi imatchedwa balanced scorecard. Makasitomala akayamba kudandaula mwezi uno, ndalama zimadzatsika miyezi ya kutsogolo, ndipo woyang'ana ndalama zokha amadzidzimuka madzi atafika m'khosi.

Nanga phindu la bizinesi yopanda mabuku amaliyeza bwanji?

Movutikira ndithu. Ku Sri Lanka, Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff anayerekeza njira ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Kungofunsa mwini kuti wapeza phindu lochuluka bwanji mwezi watha kunapereka yankho loyandikira zoona kuposa kumufunsa zogulitsa ndi zogula chimodzichimodzi kenako n'kuchotsera. Chifukwa chimodzi n'chakuti katundu woodedwa mwezi uno amagulitsidwa mwezi wamawa, china n'chakuti katundu wina amangotengedwa kupita kunyumba osalembedwa. Anapezanso kuti eni mabizinesi ankatchula malonda ochepera ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi enieni. Choncho chiwerengero chilichonse cha phindu la mabizinesi ang'onoang'ono muzichiwerenga ngati chongoyandikira.

Kodi kayendetsedwe ka bizinesi kamasinthadi phindu, kapena ndi mwayi chabe?

Kamasintha, ndipo apa umboni ndi wolimba. Nicholas Bloom ndi John Van Reenen anafunsa mamanijala a makampani 732 opanga katundu ku United States, Britain, France ndi Germany za zinthu 18 zokhudza kayendetsedwe ka ntchito, n'kumapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Zimene anasindikiza mu 2007 zinaonetsa kuti makampani opeza malikisi ambiri ankapanga katundu wochuluka, ankapeza phindu lalikulu, ndipo sankagwa kawirikawiri. Amene ankatsalira kwambiri anali makampani amene analibe opikisana nawo amphamvu, ndi makampani a banja amene udindo unkangopita kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa mosayang'ana luso lake.

Koma wina akanatha kutsutsa kuti kampani yolemera ndiyo imakwanitsa kulemba mamanijala abwino, osati kuti mamanijala abwino ndiwo anailemeretsa. Pofuna kuthetsa mkangano umenewu, Bloom ndi anzake anapita ku makampani 17 oluka nsalu kufupi ndi Mumbai ku India. Mafakitale ena, osankhidwa mwa maere, analandira alangizi kwa miyezi isanu mwaulere. Ena anangoyenderedwa mwezi umodzi n'kusiyidwa kuti akhale poyerekezera.

Zimene alangiziwo anapeza atalowa n'zofunika kuziona bwino. M'nyumba zosungira katundu, ulusi unali utaunjikidwa popanda chizindikiro cha mtundu wake, wina utanyowa n'kuwonongeka, moti kampani inkagula ulusi umene inali nawo kale. Makina ankakonzedwa akafa basi. Nsalu yotuluka ndi vuto inkasokedwanso ndi manja, koma panalibe wofufuza kuti vutolo likuchokera pa makina ati. Alangiziwo sanabweretse makina atsopano. Anaphunzitsa zinthu 38 zooneka wamba, monga kulemba vuto lililonse la nsalu ndi kukambirana za mavutowo tsiku ndi tsiku, kuika ulusi pa mashelefu olembedwa, kuwerenga katundu wotsala, ndi kusamalira makina asanawonongeke. M'chaka choyamba, zimene mafakitalewo ankatulutsa poyerekeza ndi ntchito yolowapo zinakwera ndi 17 peresenti.

Atafunsidwa chifukwa chimene sankachitira zimenezi kale, eni ake ena anali asanazimvepo, ena anazimvapo koma sankakhulupirira kuti zingawonjezere phindu. Ofufuzawo atabwereranso patatha zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, anapeza kuti pafupifupi theka la zizolowezi zija linali litasiyidwa, makamaka kumene manijala anachoka n'kubwera wina, kapena kumene eni ake anasowa nthawi yolondoloza. Mfundo yomalizayi imaiwalika kawirikawiri nkhaniyi ikamafotokozedwa, koma ndi yofunika mofanana ndi 17 peresenti ija.

Zimenezo ndi za mafakitale. Kodi zikukhudza bizinesi ya munthu mmodzi kapena awiri?

Inde. McKenzie ndi Woodruff anakonza mafunso 26 oyenera mabizinesi ang'onoang'ono ndipo anawagwiritsa ntchito pa mabizinesi oposa 20,000 ku Bangladesh, Chile, Ghana, Kenya, Mexico, Nigeria ndi Sri Lanka. Mafunso ake ndi oti aliyense akhoza kudzifunsa lero. Kodi mwapita kukaona mitengo ya opikisana nanu? Kodi munafunsapo makasitomala anu za katundu wina amene angafune kuti muzigulitsa? Kodi munalankhulapo ndi munthu amene anasiya kukugulani kuti mumve chifukwa chake? Kodi munanenererapo mtengo kumene mumaoda? Kodi mumalemba chilichonse chimene mwagula ndi kugulitsa? Kodi mukudziwa katundu amene amakupatsani phindu lalikulu pa chimodzi?

Amene ankayankha inde pa mafunso ambiri ankagulitsa zambiri, ankapeza phindu lokulirapo, ndipo mabizinesi awo ankakhalitsa. Kafukufukuyu payekha sakutsimikizira kuti zizolowezizi ndizo zinabweretsa phindu lonselo, chifukwa munthu wakhama amalemba mabuku komanso amachita zina zambiri zimene sizinafunsidwe. Komabe palibe funso pa mndandandawo limene limafuna ndalama zambiri kuti yankho lake likhale inde.

Kodi mabuku ofotokoza zinsinsi za makampani opambana tingawakhulupirire?

Awerengeni, koma mosamala. Ambiri amasankha makampani amene apambana kale, kenako n'kufunafuna zimene akufanana. Amene anachita zomwezo n'kugwa sawerengedwa, chifukwa kulibenso. Mu 2001, Jim Collins anasankha makampani 11 ngati chitsanzo cha makampani amene anachoka pabwino n'kufika papamwamba zedi. Pakati pawo panali Circuit City, kampani yogulitsa zipangizo zamagetsi, imene inalengeza kuti yagwa mu 2008 n'kutseka masitolo ake mu 2009, ndi Fannie Mae, kampani ya za ngongole zogulira nyumba, imene boma la United States linailowerera mu 2008 kuti isagwe.

Phil Rosenzweig anafotokoza vuto lina mu 2007. Kampani ikamapeza phindu, olemba nkhani ndi antchito omwe amayamikira zonse za kampaniyo: mtsogoleri wake ndi wolimba mtima, antchito ali ndi ufulu. Phindu likatsika, anthu omwewo amati mtsogoleri yemweyo ndi wosamva za ena, ndipo ufulu uja amautcha chisokonezo. Anapereka chitsanzo cha Cisco, kampani yopanga zipangizo zolumikizira makompyuta, imene inatamandidwa kwambiri cha mu 2000 n'kudzudzulidwa malonda atagwa mu 2001. Wofufuza amene amadalira zonena za anthu zoterezi amaganiza kuti wapeza chimene chinabweretsa phindu, pamene wangopeza mmene phindu limasinthira malankhulidwe a anthu.

Kasitomala amene amabwera kawirikawiri, ndiye kuti ndi wokhulupirika?

Osati nthawi zonse. Wina amabwera chifukwa muli pafupi, wina chifukwa palibe kwina kogula, wina chifukwa kusintha n'kovuta. Alan Dick ndi Kunal Basu, mu 1994, anasiyanitsa kubwerabwera kotereku ndi kukhulupirika kwenikweni, kumene munthu amakusankhani ngakhale ali ndi kwina kopita. Kusiyana kwake kumaoneka tsiku limene wopikisana nanu watsegula pafupi.

Kukhutira nako sikokwanira. Thomas Jones ndi Earl Sasser analemba mu 1995 za kampani ya Xerox, imene inkafunsa makasitomala kuti aipatse malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Opereka 5 anali ndi mpata wogulanso wochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa opereka 4. Munthu wonena kuti "zili bwino" sanakwiye, koma palibenso chimene chikumugwira.

Ndimamva kuti kusunga makasitomala owonjezera 5 pa 100 kumakweza phindu kwambiri. N'zoona?

Mawuwa amachokera kwa Frederick Reichheld ndi Earl Sasser, amene mu 1990 analemba kuti kuchepetsa makasitomala othawa ndi 5 peresenti kunakweza phindu ndi 25 mpaka 85 peresenti m'mabizinesi amene anawaona. Masamu ake ndi omveka. Ngati mumataya makasitomala 10 pa 100 chaka chilichonse, kasitomala amakhala nanu zaka pafupifupi 10. Mukamataya 5 okha, amakhala zaka pafupifupi 20. Koma mabizinesi amene anaonedwawo anali monga a makhadi a ngongole ndi inshulansi, kumene kupeza kasitomala watsopano kumadya ndalama zambiri ndipo phindu limabwera patapita zaka. Chiwerengerocho sichingasamutsidwe chonchi kupita ku bizinesi iliyonse.

Mu 2002, Werner Reinartz ndi V. Kumar anaunika mabuku a makampani anayi ndipo anapeza kuti ubale wa kukhalitsa kwa kasitomala ndi phindu limene amabweretsa ndi wofooka kuposa mmene anthu ankanenera. Makasitomala ena akale amadziwa kufunika kwawo, ndiye amafuna kutsitsiridwa mtengo ndi kusamaliridwa mwapadera. Ena amabwera kwa nthawi yochepa koma n'kusiya phindu lalikulu. Mwini bizinesi aliyense amamudziwa kasitomala wazaka zambiri amene amatenga pangongole, kulipira mochedwa, n'kunenerera pa chilichonse. Ubale ndi munthu wotere ungakhale wamtengo wapatali pa zifukwa zina, koma muzidziwa kuti m'buku la phindu akuoneka bwanji.

Ndiye ndilimbikire kusunga akale kapena kupeza atsopano?

Zonse ziwiri, koma musaganize kuti mungakule ndi akale okha. Andrew Ehrenberg, ndipo pambuyo pake ofufuza a Ehrenberg-Bass Institute ku Adelaide, anaonetsa pa katundu wamitundumitundu kuti kampani yaing'ono imavutika pawiri: ili ndi ogula ochepa, ndipo ochepawo amagulanso mocheperako pang'ono kuposa ogula a kampani yaikulu. Kusiyana kwakukulu pakati pa yaikulu ndi yaing'ono kuli pa kuchuluka kwa ogula, ndipo ambiri mwa ogulawo amagula mwa apo ndi apo, uku akugulanso kwina. Kasitomala wanu mukamuona akugula kwa mnzanu, sanakugalukireni. Ndi mmene anthu ambiri amagulira.

Kodi Net Promoter Score n'chiyani, ndipo ndiigwiritse ntchito?

Ndi muyeso umene Reichheld anaufalitsa mu 2003. Kasitomala amafunsidwa funso limodzi: kuyambira 0 mpaka 10, pali mpata wotani woti mungauze mnzanu kuti adzagule kuno? Oyankha 9 kapena 10 amatengedwa kuti ndi okutamandani, oyankha 7 kapena 8 ali pakatikati, oyankha 0 mpaka 6 ndi osakondwa. Mumachotsa peresenti ya osakondwa pa peresenti ya okutamandani. Mwa anthu 100, ngati 50 ndi otamanda ndipo 20 ndi osakondwa, mwapeza 30.

Ubwino wake ndi wakuti ndi wosavuta. Koma mu 2007, Timothy Keiningham ndi anzake anauyesa pa makampani ambiri kwa zaka zingapo ndipo sanapeze kuti umalosera kukula kwa malonda kuposa miyeso ina ya kukhutira kwa makasitomala. Kwa bizinesi yaing'ono palinso vuto lina: mukafunsa anthu 20 okha, awiri akasintha maganizo chiwerengero chimalumpha kwambiri. Ndipo munthu amene mukumufunsa maso ndi maso amachita manyazi kukupatsani 4. Funso lotsatira, lakuti "chifukwa chiyani mwapereka malikisi amenewo", ndilo limakupatsani chogwira.

Kodi makhadi odinda zidindo, oti ukagula kangapo ulandire chaulere, amagwira ntchito?

Amafulumizitsa anthu, makamaka akaona kuti ayamba kale ulendo. Joseph Nunes ndi Xavier Drèze anayesa zimenezi pamalo otsukira galimoto, ndipo anasindikiza mu 2006. Ena analandira khadi lofuna zidindo 8, ena khadi lofuna zidindo 10 koma ziwiri zitadindidwa kale. Onse ankafunika kubwera maulendo 8. Mwa oyambawo, 19 peresenti anamaliza khadi. Mwa achiwiriwo, 34 peresenti. Chenjezo ndi lakuti mphatsoyo imapita kwambiri kwa anthu amene akanagula ngakhale popanda khadi, choncho werengani mtengo wake musanayambe.

Kasitomala akakhumudwa, ndingamubwezenso?

Nthawi zambiri inde, mukachitapo kanthu msanga ndi kuvomera pamene zinalakwika. Pali chikhulupiriro chakuti kasitomala amene vuto lake lakonzedwa bwino amakhala wokhulupirika kuposa amene sanaonepo vuto. Kafukufuku wa 2007 wophatikiza zopeza za ofufuza ambiri anaona kuti kukhutira kumakweradi, koma sanapeze umboni wolimba wakuti kufuna kugulanso kumakwera chimodzimodzi. Vuto likabwerezedwa, kupepesa kumatha mphamvu.

Mu 2010, Matthew Dixon, Karen Freeman ndi Nicholas Toman anaonetsa kuti chimene chimathamangitsa anthu kwambiri ndi kuvutitsidwa pofuna thandizo: kuimba foni kangapo pa nkhani imodzi, kufotokoza vuto lomwelo kwa anthu osiyanasiyana, kutumizidwa uku ndi uku. Kuchotsa mavuto amenewa kumasunga anthu kuposa mphatso zodzidzimutsa.

Kodi chimene mabizinesi ang'onoang'ono amasowa kwambiri ndi mpamba?

Kwa ena ndi mpamba ndithu. Mu 2005 ku Sri Lanka, de Mel, McKenzie ndi Woodruff anapereka ndalama kapena zipangizo za madola pafupifupi 100 kapena 200 kwa mabizinesi osankhidwa mwa maere. Phindu lowonjezera linali pafupifupi 5 peresenti ya ndalamazo mwezi uliwonse, kuposa chiwongoladzanja cha ngongole za kumeneko. Koma phindulo linaoneka m'mabizinesi a abambo, osati a amayi. Ena anafulumira kunena kuti amayi sadziwa bizinesi, ndipo analakwitsa. Arielle Bernhardt, Erica Field, Rohini Pande ndi Natalia Rigol anaunikanso nkhaniyi mu 2019, pogwiritsa ntchito zopeza za ku India, Sri Lanka ndi Ghana, ndipo anapeza kuti m'mabanja amene bambo alinso ndi bizinesi, ndalama za mayi nthawi zambiri zinkalowa m'bizinesi ya bamboyo. Kumene mayi anali yekha wochita bizinesi panyumba, phindu lake linkaoneka.

Ngongole zing'onozing'ono zili ndi nkhani ina. Kafukufuku wa m'mayiko asanu ndi limodzi, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, amene anasindikizidwa pamodzi mu 2015, anapeza kuti ngongolezi zinathandiza ena kukuza malonda, koma sizinakweze kwambiri zopeza za mabanja ambiri. Ngongole yoyamba kubwezedwa sabata yotsatira imavuta kuiika pa chinthu chimene phindu lake limabwera pakatha miyezi.

Nanga maphunziro a bizinesi amathandiza?

Zimadalira zimene akuphunzitsa. Ku Dominican Republic, Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar anayerekeza maphunziro a akawunti a nthawi zonse ndi malamulo osavuta: ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zikhale m'malo awiri osiyana, mwini azidzilipira malipiro okhazikika, ndipo akabwereka ku bizinesi alembe n'kubweza. Malamulo osavutawo ndi amene anasintha zochita za anthu, makamaka amene anali asanazolowere zowerengera ndalama. Anthu ambiri amadya mpamba osadziwa, pang'onopang'ono, chifukwa thumba ndi limodzi.

Ku Lomé m'dziko la Togo, mabizinesi 1,500 anagawidwa patatu. Gulu loyamba linalandira maphunziro a bizinesi a nthawi zonse, lachiwiri linaphunzira kuyamba zinthu palokha osadikira kuuzidwa, kuoneratu mavuto ndi kufunafuna njira zatsopano, ndipo lachitatu silinalandire kanthu. Malinga ndi zimene zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2017, pa zaka ziwiri phindu la gulu lachiwiri linakwera ndi 30 peresenti. La gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti, chiwerengero chimene ofufuzawo sanathe kuchisiyanitsa ndi mwayi wamba.

N'zoona kuti mabizinesi 9 mwa 10 amagwa chaka choyamba?

Ayi, ndipo mawu amenewa amafooketsa anthu popanda chifukwa. Ziwerengero za boma la United States zimaonetsa kuti pafupifupi bizinesi imodzi mwa zisanu imatsekedwa m'chaka choyamba, ndipo pafupifupi theka limafika zaka zisanu. McKenzie ndi Anna Luisa Paffhausen anatsatira mabizinesi ang'onoang'ono oposa 14,000 m'mayiko 12 amene akutukuka kumene, ndipo anapeza kuti pafupifupi 8 mwa 100 amatsekedwa chaka chilichonse. Si onse amene amatseka chifukwa choluza: ena amadwala, ena amasamalira banja, ena amapeza ntchito yolipidwa bwino kapena kuyamba bizinesi ina.

Kodi ndingachite kafukufuku pa bizinesi yanga ndekha?

Mungathe, ndipo zopeza zanu zidzakhala za makasitomala anu enieni. Yambani ndi kulemba zogulitsa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo musanasinthe kanthu, kuti mukhale ndi poyerekezera. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya nthawi yotsegulira, kaya mtengo wa katundu mmodzi, kaya malo amene mwamuika. Mukasintha zitatu nthawi imodzi malonda n'kukwera, simudzadziwa chimene chathandiza. Samalaninso ndi nyengo: musayerekeze sabata imene anthu angolandira malipiro ndi sabata ya pakati pa mwezi.

Pa za makasitomala, lembani mayina a anthu amene ankabwera kawirikawiri koma papita miyezi itatu osaoneka. Fikirani khumi mwa iwo, afunseni mwaulemu chimene chinawasiyitsa, ndipo musadziteteze akamayankha. Lembani mawu awo mmene anenera. Ngati atatu kapena anayi atchula chinthu chimodzi, monga kupeza katundu atatha kapena kudikira nthawi yaitali, yambani kukonza chimenecho, ndipo lembani tsiku limene mwayamba kuti pakatha miyezi itatu mudzawerenge amene abwerera.